Beseni la Madeya

Pantchito amanditchula Namagazi, ndipo sindiwaimba mlandu. Munthu woyenda ndi masirinji m'thumba la gawuni mungamutchulenso ndani? Ntchito yanga pa famu yofufuzira za ziweto ndi kutenga magazi a ng'ombe, kuwathira m'timabotolo, kulembapo manambala, n'kupita nawo ku labu. Bambo anga amagwira pa famu yomweyo, kukhola. Anayamba ine ndisanabadwe, ndipo ng'ombe amazidziwa kuposa abale awo, nkhani imene azakhali amadandaula nayo mpaka lero. Ine ndikavala gawuni yoyera, iwo ovolosi ndi gambuti, timakumana pageti la khola n'kupatsana moni ngati alendo, chonsecho m'mawa womwewo talimbirana sopo kunyumba.

Chaka chimenecho a Dokotala, mayi amene amatsogolera kafukufuku wathu, anabweretsa ntchito yatsopano. Ndiifotokoza mmene ndinawafotokozera bambo, chifukwa kulakwa kwanga kunayambira pamenepo. Pansi pa ubongo wa ng'ombe pali kachiwalo kakang'ono ngati nyemba. Kameneka kamatulutsa homoni yokulitsa thupi, yomwenso imathandiza pa mkaka. Sikatulutsa chisawawa ayi, kamadikira uthenga. Ndiye akatswiri anapanga mankhwala otsanzira uthengawo, amawatcha mapepitaidi. Ukawabaya mumtsempha, kachiwalo kaja kamayankha, homoni n'kukwera m'magazi kwa mphindi zingapo, kenako n'kutsika. A Dokotala ankafuna kuona ngati msoti wa ng'ombe woyankha mwamphamvu udzakhalenso wa mkaka wambiri ukadzabereka. Misoti tinali nayo 24. Theka loyankha bwino linkayenera kutsala pa famu. Theka linalo linkakwera lole ya kophera nyama, chifukwa makola ndi msipu sizikanakwanira yonse.

"Ndiye kuti ndi mayeso," anatero bambo ndili mkati mofotokoza, akusula chidendene ndi mwala pakhonde.

"Mayeso kumene, bambo."

"Olemba ndi magazi. Koma anthu ophunziranu mulibe chisoni."

Ndinaseka, kenako ndinawauza lamulo: kuyambira madzulo a dzulo lake, misoti yoyezedwa isalawe kanthu kupatula madzi mpaka titamaliza. Chifukwa chake sindinawauze, iwonso sanafunse. Pa famu yathu malamulo amabwera pa pepala lomata pachitseko cha khola, ndipo zifukwa zake zimatsala ku labu pamodzi ndi makapu a khofi. Takhala choncho zaka zonsezi, wina osaonapo vuto.

Pakati pa misoti ija panali wina amene m'mabuku anali Nambala 41. Kwa bambo anali Masiye. Ndikumutchula ngati munthu chifukwa kunyumba kwathu ankatchulidwa choncho, ndipo ukalakwitsa n'kunena kuti "ng'ombe ija", bambo ankakuyang'ana ngati watukwana. Anabadwa movuta, make n'kufa tsiku lomwelo. Bambo anamulera ndi botolo, kumufunditsa masaka, kumutsekula kukamwa ndi chala kuti aphunzire kuyamwa. Anakula wofiirira, wa banga loyera pamphumi, wamfupi pang'ono poyerekeza ndi anzake, komanso wamwano ngati mwana wachisamba woleredwa ndi agogo. Akamva kulira kwa gambuti za bambo ankasiya chilichonse, n'kubwera kudzalowetsa mphuno m'thumba la ovolosi, mmene simunkasowa madeya odzaza dzanja.

Masiye anabadwa mwezi umene amayi anatisiya. Amayi ankayenera kuchitidwa opaleshoni ya m'mimba, ndipo anauzidwa kuti asadye. Tsiku loyamba opaleshoni inalephereka, lachiwirinso chimodzimodzi. Bambo anakhala pambali pa bedi ndi fulasiki ya tiyi pamiyendo, amayi akupempha kuti angonyowetsako kukhosi, iwo akukana chifukwa cha lamulo. Tsiku lachitatu analowa nawo, ndipo sanadzukenso. Madokotala anatifotokozera kuti matenda anali atafalikira kale, koma bambo sanamve zimenezo. Anangogwira mawu amodzi, n'kumawabwereza kwa aliyense wobwera kudzatipepesa: "Mkazi wanga wapita ndi njala, tiyi ali m'manja mwangamu." Fulasiki ija ilipobe pamwamba pa kabati, palibe amaigwiritsa ntchito.

Zonsezi ndinkazidziwa. Mwana wawo ndine, pamaliro ndinalipo, fulasiki ndimaipukuta fumbi Loweruka lililonse. Komabe ndinamuuza munthu ameneyu kuti mwana wake wa kukhola agone ndi njala, osamuuza chifukwa, n'kupita kukagona mtima uli m'malo.

Misoti tinaigawa m'magulu anayi, isanu ndi umodzi patsiku, Lolemba mpaka Lachinayi. Masiye anagwera Lolemba. Dzulo lake tinali titaika kale timapaipi m'mitsempha ya pakhosi, n'kumatapo bandeji, kuti tisamabaye chiweto kambirimbiri. M'mawa ndinafika ndi bokosi la ayezi, timabotolo tolembedwa kale, ndi wotchi yanga yolira. Ndondomeko yake inali yosavuta koma yosafuna tulo: magazi kawiri mankhwala asanalowe, kenako kubaya pepitaidi, kenako magazi mphindi khumi zilizonse kwa maola awiri. Zodyeramo zonse zinali zitavundikiridwa. Misoti isanu inkalira njala, kukanda pansi, kunyambita zitsulo za mpanda.

Wachisanu ndi chimodzi anali phee.

Nditawerama kuti ndimasule bandeji ya Masiye, ndinaona timadeya tomatirira pa ubweya wa kukamwa kwake. Ndinatembenuka. Bambo anali atagwira chingwe, maso ali kudenga ngati akuwerenga malata, ndipo pakamwa pa thumba la ovolosi yawo panali mbuu.

Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chakudya chimachita. Ng'ombe ikangodya kumene, thupi limamanga mabuleki, ndipo kachiwalo kaja sikayankha bwino ngakhale ukabaye mankhwala abwino bwanji. N'chifukwa chake timaigoneka ndi njala. Chofunika chinali chimodzi: kukweza mutu n'kuwauza a Dokotala, amene anali pomwepo akusungunula mankhwala, kuti 41 wadya. Akanamuchotsa pa gulu la Lolemba n'kumuika la Lachinayi, basi nkhani n'kutha.

Koma bambo anali kale ndi kalata imodzi yowachenjeza, ya nthawi imene anatulutsa thole lodwala m'khola la kafukufuku osapempha. Bwana wa famu anali atawauza mosapsatira kuti ikabwera yachiwiri akawapatsa chikwakwa azikatchetcha udzu wa m'mbali mwa msewu, ng'ombe azingoziona patali. Ine ndinkadziwa kuti chimene chinkawadzutsa m'mawa amayi atapita ndi khola lomwelo. Ndinagwira njakata kwa kanthawi kochepa chabe, kenako ndinadzinamiza ngati mmene munthu amadzinamizira akafuna. Madeya odzaza dzanja angachite chiyani m'mimba yaikulu ngati mgolo? Ndinapukuta kukamwa kwa Masiye ndi golovesi, ngati ndikumusisita.

"Zonse zili bwino uko, Namagazi?" anafunsa a Dokotala osadzutsa mutu.

"Zili bwino, a Dokotala."

Wotchi inalira, mankhwala analowa. Maola awiri amenewo Masiye anaima mwaulemu kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake, akubzikula pang'onopang'ono, bambo akumukanda kuseri kwa khutu n'kumamuuza kuti alimbe mtima, atsala pang'ono kumaliza. Lachiwiri linadutsa, Lachitatu, Lachinayi. Tsiku lililonse ndinkadzuka ndi mawu aja ali pakamwa, n'kufika nawo ku labu, n'kubwerera nawo kunyumba. Lachinayi masana ndinaona a Dokotala akutaya kabotolo komaliza ka mankhwala m'bini ya zinthu zakuthwa.

Zotsatira zinatenga milungu itatu. Magazi amayamba apukusidwa m'makina kuti madzi ake apatuke, n'kuumitsidwa mufiriji, kenako n'kuyezedwa onse pamodzi. Tsiku limene manambala anatuluka, a Dokotala anandiitana kuti ndione pa kompyuta. Msoti uliwonse unali ndi mzere wake. Yambiri mzere unkayenda pansi, n'kudumpha ngati phiri patangotha mphindi khumi kapena makumi awiri mankhwala atalowa, kenako n'kutsetsereka. Ina phiri lalitali, ina chulu. Wa 41 unangotukuka pang'ono ngati mphasa imene pansi pake pali mwala.

"Uyu ndiye wagona m'kalasi," anatero a Dokotala. "Womaliza pa onse. Ndikudabwa, chifukwa make anali ng'ombe yabwino."

Pamenepo m'pamene ndinalankhula, milungu itatu itapita. Ndinanena zonse, za madeya, za golovesi, za kalata ya bambo. A Dokotala anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Si munthu wokalipa, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka akanakhala wokalipa.

"Ukanandiuza Lolemba lomwelo, bwenzi nditangomusuntha," anatero. "Ngakhale Lachitatu. Za bambo ako ndikanazithetsa ndekha, sizikanafika n'komwe ku ofesi."

"Sitingamuyezenso?"

"Ndi chiyani? Mankhwala anatha, ena abwera chaka chamawa, a gulu lina. Komanso tamvera, Namagazi. Ngakhale nditalemba kuti zotsatira zake n'zolakwika, ndiye kuti alibe zotsatira. Msoti wopanda zotsatira sungatenge malo a wina amene wayankha bwino. Ndimuchotse uti, 17? 30? Iwowo analakwa chiyani?"

Ndinapita kwa bwana wa famu kukapempha kuti Masiye angotsala ngati ng'ombe wamba, kapena atilole timutenge. Anandiyankha kuti chiweto chimene chalandira mankhwala a kafukufuku chili ndi njira imodzi yotulukira pageti, ikakwana nthawi yake, ndipo njirayo sipita kunyumba ya wantchito. Anandiyang'ana mwachifundo ndithu, koma madzi akatayika saoleka.

Mndandanda unamatidwa pachitseko cha khola Lachisanu, pamalo omwe pamamatidwa malamulo. Bambo sawerenga msanga, koma manambala amawadziwa. Anatsitsa chala pamzere wa manambala, n'kuima pa 41, n'kubwerera pamwamba kuyambiranso ngati mwina pepala lisintha maganizo. Kenako anatenga foloko n'kupita kukawola manyowa. Kunyumba anadya pang'ono, n'kukhala pakhonde wailesi ili chotseka pamiyendo.

Azakhali, alongo awo a bambo, anabwera Lamlungu ndi mtima wofuna kuthandiza, womwe nthawi zonse umatuluka chammbali. "Achimwene, mpaka kuonda chifukwa cha ng'ombe? Ine nditadwala chaka chatha munabwera kamodzi, osavula n'chipewa chomwe. Ndimere nyanga kapena kuti muzindiona?" Bambo anamwetulira pang'ono kuti awasangalatse. Azakhali atatuluka anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundifunsa ngati ng'ombeyo singapulumuke, maso awo ali ofiira.

Lole inabwera Lachitatu cha m'ma teni. Dalaivala anali munthu wanthabwala, wa chotokosera m'mano pakamwa, ndipo anayamba kuwerenga misoti mokweza ngati kondakitala. Khumi ndi umodzi anaikweza ndi zikwapu ndi phokoso. Masiye anakana. Anaima pansi pa thabwa lokwerera, miyendo ili tang'a, anthu atatu akukankha kumbuyo osasuntha ngakhale phazi limodzi. Dalaivala anatenga ndodo yake yamagetsi.

"Bwezani chimenecho," anatero bambo.

Sanakweze mawu, koma dalaivala anabweza. Bambo anapita patsogolo pa Masiye, n'kutsegula thumba la ovolosi, n'kuyamba kukwera thabwa chafutambuyo. Masiye analowetsa mphuno m'thumbamo n'kuwatsatira, phazi ndi phazi, mpaka m'lole. Anakhala naye mmenemo kanthawi, chipumi chawo chili pa banga loyera lija. Zimene anamuuza sindinamve, ndipo sindinafunsepo. Atatsika anathandiza okha kutseka chitseko cha lole, n'kuonetsetsa kuti loko walowa bwino.

Ndinalira, osabisa. Ndinalira pamaso pa dalaivala, pa a Dokotala amene anaima patali manja ali m'matumba a gawuni, pa aliyense. Bambo sanagwetse msozi. Anaima pageti mpaka fumbi la lole litakhazikika.

Poweruka tinayendera limodzi, zomwe sitichita kawirikawiri chifukwa iwo amati ndimayenda ngati ndikuthamangitsidwa ndi agalu. Dzuwa linali lidakalipo. Tinadutsa nkhokwe za udzu, thanki ya madzi, mpaka pa msewu wa fumbi wopita kunyumba za antchito. Ndi pamenepo pamene anayamba kulankhula, maso ali kutsogolo.

"Ine ndinayesetsa, mwanawe. Usaganize kuti ndinangomusiya. Tsiku la mayeso lija ndinalawirira inu musanafike, ndinamupatsa madeya beseni lathunthu, lija la buluu, ndi kamchere pang'ono. Ndinati mwana asalowe pa majakisoni m'mimba muli pululu, akhale ndi mphamvu kuposa anzake. Anamaliza lonse. Koma nanga mutu ukakhala wopanda nzeru, ungatani? Analepherabe."

Beseni lathunthu. Ndinaima pakati pa msewu. Bambo anayenda mapazi atatu, kenako anatembenuka n'kundiyang'ana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mmene amayang'anira ng'ombe imene yaima mwachilendo, kufuna kudziwa pamene pakupweteka.

"Kodi iwe," anatero pang'onopang'ono, "lamulo lija loti zisadye, chifukwa chake n'chiyani?"

Zaka zoposa makumi atatu akuwerenga mapepala a pachitseko, limeneli linali funso lawo loyamba.

"N'kungofuna ukhondo, bambo. Kuti zisamachite ndowe pamene tikutenga magazi."

"Ng'ombe imachita ndowe ngakhale igone ndi njala masiku awiri. Ukundiuza ine zimenezo?" Anayandikira. "Ndipo siya ndoloyo. Ukamanama umagwira ndolo ngati amayi ako."

Ndinatsitsa dzanja. Ndinawauza, pomwepo pamsewu, njinga zikutilambalala. Ndinawauza za mabuleki amene thupi limamanga ng'ombe ikakhuta, za mzere umene unakana kukwera, za make wa Masiye amene a Dokotala anati anali ng'ombe yabwino. Zinanditengera mphindi ziwiri zokha. Mphindi ziwiri zomwezo ndikanazipeza tsiku lija pakhonde, iwo akusula chidendene.

Bambo anavula chipewa n'kuchiyang'ana mkati.

"Ndiye kuti sanalephere."

"Sitikudziwa, bambo. Mwina akanakhoza, mwina ayi."

"Sanalembe n'komwe. Ndinamulanda pensulo ndine." Anadzutsa mutu. "Iwe unaona kuti wadya?"

"Ndinaona madeya kukamwa kwake."

"Osanena?"

"Ndinkaopa kuti akuchotsani kukhola."

Anagwedeza mutu kangapo, osati mokwiya. Ndikanakonda akanandikalipira, akananditchula chitsiru chophunzira, akanandikumbutsa zaka zimene anawola manyowa kuti ine ndivale gawuni. Anangovala chipewa chawo.

"Udzu wa kumsewu ndikanatchetcha, mwanawe," anatero. "Bwenzi ndikumuonera pa mpanda."

Madzulo amenewo ndinawaona akutsuka beseni la buluu pampopi, mkati ndi kunja, n'kulipukuta ndi nsalu. Analowa nalo m'nyumba, anakwera pa mpando, n'kuliika pamwamba pa kabati pambali pa fulasiki.

Chaka chotsatira mankhwala ena anabwera, ndi misoti ina 24. Pepala la malamulo ndinalemba ndine, ndipo pansi pa lamulo lililonse ndinalembapo chifukwa chake m'mawu oti aliyense amve. A Dokotala anati ndi nzeru yabwino, ndipo anthu a kukhola anaima pachitseko kuwerenga mpaka kumapeto, ena n'kumafunsa mafunso. Bambo sanayandikirepo. Gulu latsopanolo analisamalira bwino ngati kale, koma palibe msoti ndi umodzi womwe umene anaupatsa dzina. Ukawafunsa za wina ankayankha ndi nambala.

Lolemba la mayeso ndinafika m'mawa ndi bokosi langa la ayezi. Zodyeramo zinali zitavundikiridwa, pansi posesedwa mpaka m'makona, misoti isanu ndi umodzi ikulira njala. Bambo anali pageti la khola akundidikira. Ndisanawapatse moni anaimirira mowongoka, analowetsa manja m'matumba onse awiri a ovolosi, n'kuwatulutsira kunja kuti alendewere.

"Onani, a Namagazi," anatero. "Mulibe kanthu."

Palibe anawapempha kutero, ndipo ndawachonderera kangapo kuti asiye. Amachitabe m'mawa uliwonse wa mayeso, ndipo sabweza matumbawo mpaka nditayang'ana.